Masiku 10 ndi ana a ku Praia Nova

Mwezi watha anandiimbira foni mtsikana wina wa ku Dómuè, mlembi wa achinyamata kumpingo kwawo. Anati gulu lawo likufuna kupita kunyanja yamchere kukatumikira ana, ndipo anamva kuti ife a ku Ulónguè tinapitako kale. Anafunsa mtengo wa galimoto ndi kuchuluka kwa matumba amene tinanyamula. Ndinamuyankha zonsezo. Koma nditadula foni mtima sunakhazikike, chifukwa mafunso akewo ndi omwe ifenso tinali nawo tisananyamuke, ndipo si amene anativuta titafika. Ndaona kuti ndilembe bwinobwino, kuti iye ndi ena amene ali ndi maganizo amenewa asakapunthwe pa chitsa chimene ife tinapunthwapo.

Chinali chaka cha 2019. Kumayambiriro kwa Marichi mvula inavuta konkuno ku Tete, mtsinje wa Revúbuè unasefukira mpaka kulowa m'nyumba za anthu ku Chingodzi. Tisanapume n'komwe, usiku wa pa 14 Marichi namondwe wa Idai anagwera mzinda wa Beira. Mafoni anaduka, msewu wa EN6 unakokoloka, ndipo amene anali ndi abale kumeneko anakhala masiku akungoyang'ana foni osamva kanthu. Anthu opitirira 600 anamwalira m'dziko lathu lokha, kenako kolera inabuka. Zithunzi za ana atakhala pa madenga zinkayenda pa Facebook, ndipo Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi tinagwirizana kuti kupemphera kokha sikukwanira, tipiteko.

Ndalama tinazipeza ndi manja athu. Tinagwira ganyu yokumba mbatata ya kachewere, yokolola chimanga, ndipo atsikana tinkakazinga mandasi Loweruka lililonse. Amayi a kumpingo anasonkha chimanga matumba 6, nyemba matumba 3, soya ndi mtedza. Tinagulanso belo la zovala za kaunjika, zimene kuno timati kalamidade. Ine ndinali msungichuma, choncho metikali iliyonse inkadutsa m'kope langa. Makolo ena anakana poyamba, pokumbukira chaka cha 2016 pamene magalimoto ankaperekezedwa ndi asilikali pakati pa mtsinje wa Luenha ndi Vanduzi. Pangano la mtendere litasainidwa ku Maputo pa 6 Ogasiti, mitima inatsika, ndipo kumapeto kwa mwezi womwewo tinanyamuka anthu 14, pamodzi ndi mkulu wampingo mmodzi ndi amayi abusa.

Ulendo wake ndi wa makilomita opitirira 800. Tinadzuka usiku, kudutsa Moatize, kuwoloka Zambezi dzuwa likutuluka, Changara, Catandica, n'kukagona m'tchalitchi ku Chimoio. Aliyense anali ndi BI yake (chiphaso cha unzika), ochepera zaka 18 anali ndi kalata ya makolo, ndipo kalata ya abusa yofotokoza kumene tikupita inatithandiza paliponse pamene apolisi anatiimitsa. Musaiwale zimenezi. Mawa lake titadutsa Inchope nyimbo m'galimoto zinayamba kuzilala zokha. Ku Nhamatanda ndi ku Dondo tinaona nyumba zopanda madenga, mitengo ikuluikulu ili chigonere, matenti oyera m'mbali mwa msewu, ngakhale panali patapita miyezi isanu.

Mpingo umene unatilandira unatipereka ku Praia Nova, dera la asodzi lomwe lili pafupi ndi pakati pa mzinda, pamene maboti ochokera ku Búzi amakocheza. Nyumba zake ndi za malata akale, mapulanga ndi mapepala a pulasitiki, zomangidwa pamchenga, zothinana moti njira zina munthu umadutsa chammbali. Kumeneko anatisonyeza mayi wina wogulitsa nsomba, wochokera ku Mutarara, amene ankamva Chinyanja chathu. Chichitikireni namondwe, mayiyu ankaphikira ana a m'njira yake, ena amasiye, ena amene makolo awo amakhala tsiku lonse kunyanja. Anatilandira bwino. Ife tinamupatsa moni, kumuthokoza, n'kutulutsa pepala lathu la ndondomeko limene tinalembera kwathu. Sitinamufunse kanthu. Cholakwa chathu chachikulu chinali chimenechi, ndipo zina zonse zinabadwira pomwepo.

Pepala lathu linkati 8 koloko phunziro la Baibulo, 10 koloko phala, masana masewera. Tsiku loyamba 8 koloko inakwana tili ndi ana asanu okha, ang'onoang'ono. Ena onse anali kugombe. Kumeneko tsiku siliyendera wotchi, limayendera madzi. Nyanja imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, iwo amati maré, ndipo nthawi yake imasuntha pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse. Maboti akamabwera, mwana aliyense wa miyendo yolimba amathamangira kukathandiza kunyamula, kusankha ndi kuyanika nsomba, chifukwa ndiwo za madzulo zimachokera pamenepo. Atsikana amakhala atabereka azing'ono awo kapena ali pamzere wa madzi ndi zigubu. Ife obadwira kumapiri tinkaganiza kuti ana akutithawa.

Tsiku lachiwiri tinati tiwakope ndi zovala. Tinamasula belo lija pabwalo, poyera. Sindinaonepo uthenga ukuyenda msanga chotero. Mphindi zochepa chabe bwalo linadzaza, ana, amayi, anyamata akuluakulu, aliyense akukankha kuti afike kutsogolo. Sindikuwaimba mlandu, chifukwa munthu amene madzi anamutengera chilichonse sangaime patali ataona malaya. Mkati mwa chipwirikiticho kamtsikana ka zaka ngati zinayi kanagwera pa chidutswa cha lata ladzimbiri, mwendo n'kung'ambika pansi pa bondo. Ndinakanyamula ndine, magazi akuyenderera pachitenje changa, mpaka kuchipatala komwe anakasoka ndi kukabaya jakisoni wa kafumbata. Njira yonse kankalira kuitana amayi ake, chikhalirecho dzanja limodzi litagwiritsa kasiketi kamene kanatola.

Madzulo ake mayi wa ku Mutarara uja anatikhazika pansi tonse, ndi akuluakulu omwe. Sanakweze mawu. Anati, "Ana anga, mwachokera kutali ndipo mtima wanu ndi wabwino. Koma ine ndili pano tsiku lililonse. Ndikudziwa nyumba imene agona ndi njala, ndikudziwa mwana amene alibe chosinthira. Munandifunsa?" Palibe anayankha. Mkulu wampingo wathu, bambo wa imvi, ndiye anati, "Amayi, talakwa. Safunsa anadya phula. Tiuzeni chochita." Ndinalira usiku umenewo, ndipo mpaka lero ndikaona chipsera pamwendo wa mwana ndimakumbukira kamtsikana kaja.

Kuyambira mawa lake tinakhala ophunzira. Mayiyo anatitengera kwa sekeretale wa bairro, mkulu woyang'anira deralo, kumene tinayenera kuyambira tsiku loyamba, ndipo pamodzi ndi amayi ena atatu analemba mayina a mabanja ovutikitsitsa. Zovala zotsala tinazisankha potengera misinkhu, kuzimanga m'timajumbo, ndipo amayiwo ankazipereka okha nyumba ndi nyumba kukamada. Panalibenso kukankhana, ndipo palibe mwana amene ananyozedwa ndi anzake kuti wavala zopempha.

Nyemba zathu zimene tinkanyadira nazo zinali ndi vuto lake. Kwathu ku Angónia mphika wa nyemba umakhala pamoto wa zitsononkho kapena nkhuni tsiku lonse osawerengera. Ku Praia Nova moto ndi wogula, makala a m'kajumbo, ndipo madzinso ndi ogula pa chigubu. Banja losauka ukalipatsa nyemba zouma walipatsa ndiwo zimene silingathe kuphika. Chimanga chosagaya nachonso chimafuna ndalama ya kuchigayo. Amayi aja anatilangiza kuti thumba limodzi la nyemba tigulitse kumsika kuti tipeze makala, mafuta ophikira ndi shuga, zotsalazo tiziviika m'madzi usiku wonse n'kuphika mumphika umodzi waukulu. Chimanga tinachigayitsa pamodzi ndi soya wokazinga, magawo anayi a chimanga pa gawo limodzi la soya, n'kumathira nsinjiro pophika phala. Ufawo tinkasunga m'ndowa zotsekera chifukwa chinyezi cha kunyanja chimauwononga msanga. Ndikanati ndipitenso, ndikanagayitsiratu kwathu, ndipo gawo lina la thandizo ndikananyamula ndalama osati matumba.

Nthawi ya phala inayamba kutsatira maré. M'mawa uliwonse tinkafunsa asodzi kuti maboti abwera liti, ndipo tinkaphika kuti phala lipse ana akamaliza ntchito kugombe. Ana anachoka pa asanu kufika pa 80 ndi kupitirira.

Pali mawu amodzi amene ndikufuna muwadziwe musanapite. Tsiku loyamba la phala, mwana aliyense akalandira kapu ankati "takhuta". Ena ankanena atangomwa pang'ono. Ife tinamva monga timamvera kwathu, kuti mimba yadzaza, ndipo phala lotsala tinalivundikira osawonjezera wina aliyense. Ana anakhala chete akuyang'ana mphika. Mayi uja atabwera ndi amene anatimasulira kuti m'Chisena "takhuta" ndiye kuti zikomo. Ana anjala ankatithokoza, ife n'kuwatsekera mphika. Chisena ndi Chinyanja zimafanana kwambiri moti umadzinamiza kuti ukumva zonse, ndipo ena kumeneko amalankhula Chindau chimene chili patali ndi chathu. Pezani womasulira wa komweko, ndipo musachite manyazi kufunsa ngakhale mawu amene mukuganiza kuti mukuwadziwa.

Koma chimene chinandisintha kwambiri chinachitika pa phunziro la Baibulo. Kwathu tinakonzeratu nkhani zimene ana a Sande sukulu amazikonda, ndipo imodzi inali ya Nowa ndi chingalawa. Tinali ndi zithunzi za nyama ziwiriziwiri, ndi nyimbo yake. Palibe mmodzi wa ife 14 amene anaima n'kuganiza kuti nkhani ya chigumula tikukaifotokozera ndani. Mnyamata wathu wina, wodziwa kusimba nkhani, anayamba bwino, akuchita ndi manja mmene mvula inagwera, mmene madzi anakwerera mpaka kumiza mapiri, mmene anthu oipa anathera. Ndinaona ana akusiya kuseka mmodzimmodzi. Kamnyamata kena kanatseka makutu. Kenako mtsikana wa zaka ngati 10, atabereka mng'ono wake, anafunsa kudzera mwa womasulira kuti, "Achimwene, ndiye kuti agogo anga anali oipa? Madzi anawatenga ku Búzi."

Mnyamata wathuyo anangoti kakasi, pakamwa pali pululu. Amayi abusa ndi amene anadzuka, kukakhala pamchenga pafupi ndi mtsikanayo, kumugwira dzanja, n'kumuuza kuti ayi mwanangu, agogo ako sanali oipa, namondwe sasankha munthu, ndipo Mulungu analira nawe tsiku limenelo. Anamufunsa kuti agogowo ankakonda kumuphikira chiyani. Mtsikanayo anayamba kufotokoza, pang'onopang'ono, ndipo atamaliza wina anakweza dzanja kuti naye anene za atate ake, winanso za nyumba yawo. Phunziro la tsiku limenelo linathera pomwepo. Tinakhala maola awiri tikumvetsera.

Ndinazindikira pamenepo kuti ana aja namondwe anali asanawachoke m'thupi. Mphepo ikangowomba malata n'kuyamba kulira, ena ankathamangira kukabisala, ena ankangouma pamalo amodzi. Amayi anatiuza kuti ana akuluakulu ndithu anayambiranso kukodza pogona. Ife si madokotala a maganizo, ndipo sitinayese kukhala otero. Chimene tinatha ndi kusankha nkhani zathu mwanzeru, monga ya Yesu akuitana ana kuti abwere kwa iye ndi ya m'busa wofunafuna nkhosa yotayika, ndi kusakakamiza mwana kunena zimene sakufuna. Nthawi yambiri tinkangosewera. Phada, fulaye, mpira wachikulunga, kujambula pamchenga ndi kamtengo. Iwo anatiphunzitsa nyimbo zawo za Chisena, ife zathu za Chingoni, ndipo anaseka mpaka kugwa poona anyamata athu akuponda ngoma pamchenga wotentha. Kamnyamata kotseka makutu kaja sikanalankhule nafe masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri kanandikoka chitenje kundionetsa boti limene kanajambula, n'kunena kuti, "Achemwali, la atate." Sindinafunse zambiri. Ndinakhala pansi n'kujambula nako nsomba m'mbali mwa botilo.

Za ukhondo tinachita zochepa koma zimene zikanatsala tikachoka. Kolera inali itadutsa kumene, choncho madzi akumwa onse tinkathira Certeza, mankhwala oyeretsera madzi, monga zalembedwera pabotolo, ndipo tinamanga mipondagiya iwiri ya zigubu pafupi ndi pophikira kuti mwana aliyense asambe m'manja ndi sopo asanagwire kapu. Ana anaikonda ngati choseweretsa, ndipo akuluakulu awo anaphunzira kuimanga okha. Tinakumbutsanso amayi za madzi obwezera mphamvu mwana akatsegula m'mimba, pamene mapaketi a kuchipatala palibe: lita imodzi ya madzi abwino, masipuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira, ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere, kumwetsa pang'onopang'ono uku mukupita naye kuchipatala. Mankhwala ena alionse sitinapereke, ndipo inunso musapereke. Mwana wodwala mperekezeni kuchipatala pamodzi ndi kholo lake.

Dzisamaleninso nokha. Udzudzu wa kunyanja si wa kwathu kozizira kuno. Awiri mwa ife amene ankagona kunja kwa neti chifukwa cha kutentha anadwala malungo patangotha sabata tibwerereni. Thupi likatentha mukafika kwanu, pitani mukayezetse tsiku lomwelo ndipo munene kumene munali. Nyanjanso musaiyese mtsinje. Tsiku lina madzi ataphwa, anayi mwa ife anayenda mtunda wautali pamatope kukatola zigoba, mpaka asodzi anawakuwira kuti abwerere msanga. Pa Beira kusiyana kwa madzi odzaza ndi ophwa kumapitirira mamita 5 mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangobadwa, ndipo madzi akamabwerera amayamba kudzaza m'makwawa kumbuyo kwako iwe usanaone. Anafika kumtunda madzi ali m'chiuno.

Pali malamulo ena amene tinaika mochedwa, amene ndikanakonda tikanachoka nawo kwathu. Wina wa ife anajambula mwana wosavala, wotupa mimba, n'kuika pa Facebook kuti anthu kwathu aone kuvutika kwake. Mayi wa mwanayo atamva anabwera akunjenjemera ndi mkwiyo, ndipo anali ndi chifukwa. Mwana wake si chikwangwani chopemphera ndalama. Tinachotsa chithunzicho ndi kupepesa, ndipo kuyambira pamenepo panalibe kujambula popanda chilolezo cha kholo. Tinagwirizananso kuti wina asakhale yekha ndi mwana m'nyumba kapena pobisika, nthawi zonse awiriawiri ndiponso poonekera, chifukwa zimateteza mwana komanso mlendo. Ndipo chonde musalonjeze. Mawu akuti "ndidzakutumizira nsapato" amatuluka mosavuta pamene mwana wakukumbatira, koma iwe ukakwera galimoto umaiwala, iye saiwala. Mayi uja anandiuza pafoni patapita miyezi itatu kuti mnyamata wina ankabwerabe kudzafunsa ngati nsapato zake zafika. Tinasonkha n'kutumiza, koma manyazi ake sanathe msanga.

Tsiku lotsanzikana ana analira, ifenso tinalira. Mayi wa ku Mutarara sanalire. Anati, "Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Inu mukupita, awa mawa adzabweranso ndi makapu awo pakhomo panga." Mawu amenewo anandilasa kuposa misozi ya ana, chifukwa anali oona. Masiku 10 a phala sachotsa njala ya mwana, ndipo ndalama imene tinalipira galimoto ikanatha kuwaphikira miyezi ingapo. Ndakhala ndikudzifunsa ngati kunali koyenera kupita anthu 14. Yankho langa ndi lakuti ulendowo unali waphindu chifukwa cha chinthu chimodzi chokha, chakuti unatidziwitsa mayi ameneyu ndi anzake, ndipo sitinawataye. Tikanabwerera ndi zithunzi zokha, ukanakhala ulendo wokaona nyanja.

Tinawasiyira mphika waukulu, ndowa, makapu ndi ufa wotsala. Titafika kwathu tinapempha abusa kamunda ka mpingo, ndipo chaka chilichonse timalimamo soya ndi chimanga. Tikakolola timagulitsa n'kutumiza ndalama pa M-Pesa, amayiwo amagula komweko zimene akuona kuti zikufunika, n'kutiuza mmene zayendera. Zaka zina zimakhala zochepa kwambiri, ndipo chaka cha korona tinatumiza mochedwa. Mu Januwale 2021 namondwe wa Eloise anagundanso Beira, tinakhala masiku osamva mawu awo, mpaka foni inalira ndipo anali iwo, ali moyo, denga la pophikira litapitanso. Mabanja ena a ana athu aja anasamutsidwira kumtunda, cha ku Mutua ndi ku Savane m'boma la Dondo, koma abambo ambiri amabwererabe kugombe chifukwa msodzi kutali ndi nyanja alibe chodyetsera ana. Kamtsikana ka chipsera kaja kali pasukulu tsopano. Mtsikana amene anafunsa za agogo ake ndiye amathandiza kugawa phala Loweruka.

Dzulo ndinawaimbira amayiwo kuwauza za achinyamata a ku Dómuè, ndi kufunsa ngati angawalandire. Anakhala chete pang'ono, ndikumva phokoso la msika wa nsomba kumbuyo kwawo. Kenako anati, "Auzeni abwere awiri okha poyamba, mtsikana ndi mnyamata, agone kwanga masiku atatu. Anyamule kope ndi cholembera. Matumba atsale kaye."